Nyimbo Imene Inasamutsa Ababa

Ababa anali mkamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Chiringa. Kwawo kunali ku Nkhulambe. Kwathu kuno mwamuna amatsata mkazi: amamanga pamalo a apongozi, amalima munda wa apongozi, ndipo ana akabadwa amakhala a kuchikazi. Mwini mbumba pakhomo pathu anali amalume, mchimwene wawo wa amayi. Ngakhale nkhuku sinkaphedwa iwo asanamve.

Asanakwatire, ababa anagwirako ntchito yothirira maluwa kwa mzungu wina ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Chuma sanabwere nacho. Anangobwerako ndi khutu lokonda nyimbo zimene kumudzi kuno palibe ankazifuna, zachizungu zakalekale, za magitala okalipa ndi ng'oma zogunda ngati akugwetsa mitengo. Lamulungu masana wailesi ina inkaika nyimbo zoterezi. Muulutsi wake anali ndi chimbale chimodzi chimene ankachikonda koposa, moti sabata sinkatha osatengamo nyimbo. Ababa ankati ndi chomwecho chimene bwana wawo ankaika akaledzera.

Kukonzekera kunkayamba Loweruka. Ankachotsa mabatire n'kuwayanika padenga la nkhokwe ngati makaka, kuti mphamvu ibwereremo. Lamulungu tikachoka kutchalitchi ankakhala pakhonde, wailesi pamiyendo, ine pambali pawo ndikusankha nandolo m'lichero. Inalipo nyimbo ina yaitali imene inkayamba ndi gitala limodzi lokha, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda m'munda akuopa kuponda mbewu. Ikafika pakati inkaphulika, woimbayo n'kuyamba kukuwa ndi mawu aang'ono ngati a mkazi. Pamenepo ababa ankatsinzina n'kumaimba nawo. Chizungu sankachidziwa kwenikweni, koma mawu a nyimbo imeneyo anali nawo onse pakamwa ngati pemphero.

Amalume akamadutsa ankaima pang'ono.

"Alamu, mbuzi mwaimanga m'wailesimo muimasule ikadye."

Ababa ankangoseka. Mkamwini sabwezera.

Ndili sitandade 6, nthawi yokolola nandolo, ababa anagwa kumunda. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerako dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atatha. Akafuna madzi ankaloza. Akayesa kundiitana, kunkangotuluka mpweya ndi malovu.

Amalume anadikira mpaka nandolo yense atachoka m'munda. Kenako anabwera n'kukhala pamtondo, ababa atagona pamphasa pomwepo, akumva zonse.

"Chemwali, munthuyu apite kwawo," anauza amayi. "Akatifera pano abale ake adzati tamudya ndife. Ndiye mtembo tidzaunyamula bwanji mpaka ku Nkhulambe? Wamoyo amakwera njinga."

"Achimwene, ulendo umenewo sangaupirire. Akuchira. Tipatseni nthawi."

"Akuchira? Chabwino. Akadzandipatsa moni ndi pakamwa pake, akhale. Koma ndiumve mvula isanagwe."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yathu inali moni. M'mawa amayi akawasambitsa, ankagwada patsogolo pawo n'kumatchula pang'onopang'ono kuti mwa-dzu-ka bwa-nji. Ndikaweruka kusukulu ndinkalandira ndine. Tinayesa m'Chichewa, tinayesa m'Chilomwe chimene anayamwira. Ababa ankalimbana nawo mawuwo mpaka thukuta, mitsempha ya m'khosi itatupa, koma ayi ndithu. Akatopa ankatembenukira kukhoma. Kunja anthu anali atayamba kale kusosa, ndipo madzulo mitambo inkasonkhana paphiri la Michesi.

Wailesi inali isanalire chidwalire chawo. Loweruka lina ndikusesa ndinapeza mabatire akale m'chitini, ndinawayanika monga ankachitira iwo. Mawa lake masana tinawatulutsira ababa pakhonde, ndipo ndinawaikira wailesi pafupi ndi khutu. Zinadutsa nyimbo zingapo ali phee. Kenako linamveka gitala limodzi lija. Chala cha dzanja lamoyo chinayamba kugogoda pamphasa. Nyimbo itaphulika, ababa anatsegula pakamwa n'kuimba. Si kung'ung'udza ayi, koma mawu enieni, otsatana bwinobwino, akutuluka pakamwa popotoka pomwepo.

Amayi anataya mtsuko pansi. Anandiyang'ana, anayang'ana ababa, kenako anathamangira kwa amalume chitenje chili m'manja. Ankaganiza kuti apambana.

Amalume anabwera akutafuna nzimbe, akazi awo pambuyo, ndi anthu ena amene anaona amayi akuthamanga. Nyimbo inali ikadalipo, ababa akuimbabe. Amalume anamvetsera kwakanthawi, analavula makoko, anawerama n'kuzimitsa wailesi.

"Alamu, mwaswera bwanji?"

Ababa anayesa kuyankha. Palibe chinatuluka.

"Ndati mwaswera bwanji, alamu?"

Malovu anatsikira pachibwano. Amalume anayatsanso wailesi, ndipo ababa anailowa nyimboyo pomwe inali, ngati sanasiye. Wina anaseka kumbuyo. Amalume anazimitsa, ababa anakhala chete. Anayatsa, ababa anaimba. Anachita zimenezo mobwerezabwereza, mpaka ana anayamba kukuwa kuti ayatsenso. Ababa ankaona kuti akusekedwa. Misozi inkatsika, koma nyimbo ikabwera sankatha kuikana, poti ndi mawu okhawo amene anatsala nawo.

"Mwaona nonse," anatero amalume. "Azungu a m'wailesi akuwayankha. Ine mwini dothi limene agonapoli, ayi."

"Achimwene, ndi matendawo. Lero aimba, mawa alankhula."

"Ngati ndi mwano, akauchitire kwawo. Ngati ndi misala, misala amasunga ndi eni ake. Ndipo iwe unkati sangapirire ulendo. Munthu wokuwa chonchi sangafere panjira."

Amayi anagwada, anawagwira mwendo. Amalume anaukoka mwendowo n'kupitiriza nzimbe yawo.

Tinanyamuka m'mawa, mkati mwa sabata yomweyo. Amayi anatsala chifukwa anali ndi khanda, ndiponso amalume anati mkazi akaperekeza amabwerako ndi chisoni chosokoneza. Amalume anawakweza ababa pakaliyala n'kuwamanga kuchishalo ndi chitenje cha amayi. Mwendo wakufawo anaumangirira kunjinga ndi mphira womangira matumba. Panopa ndili ndi ana awiri, ndipo ndikamabereka wamng'onoyu ndimalowetsa chala pakati pa nsalu ndi thupi lake kuti ndione ngati ndamangitsa. Amalume sanalowetse chala.

Amayi anatuluka ndi kathumba ka zovala, wailesi ili pamwamba.

"Iyo itsale," anatero amalume. "Inagulidwa ndi nandolo wa munda uno. Mkamwini amapita ndi zimene anabwera nazo."

Ababa anaitsatira ndi maso mpaka inalowanso m'nyumba.

Njinga sinakwereke. Amalume ankaikankha, ine ndikuyenda pambali, phewa langa litachirikiza mbali yakufayo kuti asapendeke. Dzanja lamoyo linandigwira diresi kumsana ulendo wonse. Podutsa pa Chiringa anthu ogulitsa tomato anasiya malonda n'kumationerera. Bambo wina wachisilamu, wokhala ndi golosale, anatuluka ndi kapu ya madzi n'kuwamwetsa ababa yekha, osafunsa kanthu. Amalume anayang'ana kumbali mpaka anamaliza. Dzuwa litafika pamutu mphira uja unali utalowa m'khungu. Nditawauza amalume, anati mwendo wakufa sumva kuwawa.

Ku Nkhulambe tinapeza azakhali, mlongo wawo wa ababa, akusenda chinangwa pabwalo. Sanaimirire. Anayang'ana njinga kuyambira kumatayala mpaka kumutu kwa ababa.

"Nyama mwadya zaka zonsezi, lero mwatibweretsera mafupa?"

"Mafupawo ndi anu, mayi. Ife tinangobwereka."

"Nanga ana amene anakubalirani? Uyu si wamkulu uyu? Sangaphikire phala bambo ake?"

"Ana ndi athu. Uyu ndi wanu."

"Nyumba anakumangirani, munda anakulimirani. Kuno anabweretsako chiyani? Ngakhale mchere sitinauone."

Anakangana nthawi yaitali, ababa ali chimangidwire panjinga pakati pawo, mutu utagwera pachifuwa. Palibe anawapatsa moni. Pomaliza azakhali anaitana amuna awo, ndipo anawamasula ababa n'kuwanyamulira m'kakhitchini kakuseri, chifukwa m'nyumba munali modzaza ana. Anawagoneka pathumba, pafupi ndi mafuwa. Munkanunkha utsi ndi mbuzi.

Ndinapita kwa azakhali n'kugwada.

"Azakhali, Lamulungu masana muziwayatsira wailesi. Akamva nyimbo zawo amatulutsa mawu."

"Wailesi? Iwe mwana, kuno tilibe ngakhale sopo womusambitsira. Bwanji simunabwere nayo?"

Ndinalowanso m'kakhitchini muja. Ndinaganiza kuti mwina ndikawayambira ine nyimboyo, adzailandira, azakhali amve okha kuti munthuyu akadalimo m'thupimo. Chuni chake ndinkachidziwa, koma mawu ndinalibe. Ndinang'ung'udza poyambira paja. Ababa anandiyang'anitsitsa, chala chinagogoda pathumba, pakamwa panatseguka kudikira pophulikira. Ine pamenepo sindinathe kufikapo. Mawu anga anali aang'ono, opanda ng'oma kumbuyo. Anadikira, kenako anatseka pakamwa.

Kunja belu la njinga linalira.

"Tiye, iwe. Dzuwa silidikira."

Nditatuluka ndinapeza amalume akupinda chitenje cha amayi kuti tibwerere nacho. Anandiuza kuti ndikwere pakaliyala. Panali ponyowa, chifukwa ababa anali atadzikodzera panjira ndipo analibe mawu onenera. Ndinakhala pomwepo mpaka kwathu.

Ababa sanabwererenso. Anamwalira m'kakhitchini momwemo chimanga chikumasula, ndipo uthenga unatipeza atawaika kale.