Anandifunditsa chitenje kumaso ndikumva

Ena mudzati ndikuwonjezera, koma izi zinandichitikira ineyo, ndipo mlamu wanga amene anayamba kundilira maliro akadali moyo ku Magodi, mukhoza kukamufunsa.

Inali nyengo yothyola fodya, ndipo ndinalawirira kumunda osadya kanthu, chonsecho ndili ndi matenda a shuga (mkamwa mwanga munali mwano, ndinkati mankhwala akukwanira). Dzuwa litakwera ndinaona mdima, ndinagwa pakati pa mizere. Amuna anga ndi mlamu wangayo anandithamangitsira kukiliniki pa ngolo, thupi lili zii ndi mame, zala zili bii ndi phula la fodya lija lomata.

Chimene sankadziwa n'chakuti makutu anga ankamva, ngakhale mawu ankachokera kutali ngati ndili m'chitsime. Dzanja, lilime, chikope, zonse zinakana.

Anesi aakulu anali atapita ku Boma, panatsala mtsikana wophunzira unesi. Anandipana chala ndi kamakina kaja koonetsa kugunda kwa mtima, anasintha chala, anasinthanso, kenako ananena motsitsa kuti makina sakuonetsa chilichonse. Sananene kuti ndafa ayi, koma kwathu kuno makina akakhala chete ndani angatsutse? Mlamu wanga anangoti watileka, nayamba kulira, nanditseka maso bwinobwino monga timachitira, n'kundifunditsa chitenje chake kumaso. Ndinamva amuna anga akufunsa ngati ngolo idakalipo panja kuti andibweze kumudzi. Abale anga, mantha amenewo sindingawafotokoze. Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse, koma mawu sanadutse pammero.

Mtsikana uja anawaletsa kundinyamula. Anaimbira aphunzitsi ake foni ija yoonana nkhope, ndipo ndinamumva akuulula kuti kusukulu anazolowera chidole chophunzirira chopuma ndi magetsi, chimene makina ake salephera, munthu wozizira chonchi anali asanamugwirepo. Mayi wa mufoni uja sanakalipe.

"Chotsa nsalu nimuone. Zala izo zili na fodya, makina siyangawelenge. Ika zala zako pakhosi pake, upime na shuga."

Zala za mtsikanayo zinali zotentha, ndimazikumbukira mpaka lero. Kenako anati mtima ulipo. Atapeza kuti shuga watsika, anandibaya madzi a shuga pamtsempha, ndipo nditatsegula maso mlamu wanga anathawira panja.

Makinawo sindidana nawo, pajatu foni ndi makinanso, ndipo ikanapanda kugwira tsiku limenelo bwenzi nditakwera ngolo ija. Koma ndimakhulupirira kuti makina akakhala chete ndiye kuti sakudziwa, basi. Choncho wanu akagwa, musathamangire kulira kapena kumufunditsa nsalu nesi asanamugwire pakhosi ndi dzanja lake, chifukwa mwina akukumvani. Ine mpaka lero, ngakhale kuzizire bwanji mu Juni, sindifunda bulangeti kumutu.