Andireya Wokumba Zimbudzi ndi Mimba ya Manesi

Kwa Msakambewa, munthu akafuna chimbudzi chosagwa ndi mvula ankatuma mwana kukaitana Andireya. Anali munthu wamfupi, wamapewa otakata, ndipo dothi lofiira linali litamulowa m'zikhadabo moti ngakhale Lamulungu, akapinda manja ku Misa, ntchito yake inkaonekera. Fodya ankalima pang'ono ngati wina aliyense, koma mtima wake unali pa piki ndi fosholo. Anzake ankamutcha mfuko.

Mwayi wake unabwera m'zaka za m'ma 1970, kolera atamveka m'dziko. Kunabwera lamulo loti nyumba iliyonse ikhale ndi chimbudzi, ndipo anyamata a chipani ankayenda mudzi ndi mudzi kuona makadi ndi zimbudzi pa ulendo umodzi. Omwe ankamutcha mfuko aja anayamba kumupatsa moni ndi manja awiri. Anamuika mu komiti ya zaukhondo, ndipo pamsonkhano ankaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti munthu wopita kutchire akubweza chitukuko m'mbuyo. Anthu ankaomba m'manja. Masiku amenewo mawu akuti chitukuko akangotchulidwa, manja ankaomba okha.

Chimbudzi cha pakhomo pake anafuna kuti chikhale chitsanzo. Anakumba mpaka mutu wake unasowa, n'kukumbabe mpaka mkazi wake Modesta ankachita kumutsitsira madzi akumwa pachingwe. Mzime wawo Manesi, kamtsikana ka zaka ngati zinayi, kankakonda kusuzumira m'mphepete. Poopa kuti kagweramo, Andireya anakuwa ali pansi pomwepo, mawu ake akumveka ngati akuchokera mumtsuko.

"Iwe Manesi, choka pamenepo! Muno muli chinyama chokoka ana miyendo. Chikakukoka, amayi ako sadzakuonanso!"

Mwana anathawa osacheuka. Andireya anaseka yekha m'dzenjemo, akudziyamikira kuti kulera amakudziwa.

Chimbudzi chinatha, ndipo chinalidi chooneka: zipupa zozira bwino, denga la udzu wothithikana, chitseko cha nsungwi, m'kati mdima bii. Tsiku lomwelo mwini wake analengeza kuti pakhomopo palibenso wopita m'chimanga kapena kuseri kwa nthochi, kaya wamkulu kaya mwana.

Manesi sanatsutse. Koma sanalowenso. Ankafika pachitseko, kuima pang'ono, n'kubwerera ngati wamaliza. Modesta ndiye anayamba kuona kuti mwanayo akumaima chonyang'ama, miyendo atapingasa, atagwira mtondo mwamphamvu, thukuta lili pamphuno. Kenako mimba inauma gwa ngati dzungu. Chakudya ankangochigwiragwira. Tsiku limene thupi linamukakamiza, chimbudzi chinatuluka chouma ngati cha mbuzi, chili ndi timagazi, mwana akulira mpaka mawu kutha. Kuyambira pamenepo anali ndi zoopa ziwiri, chinyama ndi ululu, ndipo anayamba kugwira kuposa kale.

Posakhalitsa pa kadiresi kake panayamba kuoneka zamadzimadzi zonunkha. Andireya ataziona, anagwira m'mutu. Mwana wa munthu wa komiti kutsegula m'mimba, chaka cha kolera!

"Inu mumati wadzimbidwa, nanga izi n'chiyani?" anafunsa mkazi wake. "Umenewu ndi ulesi. Chimbudzi chili apo, iye akudziipitsira dala."

Anathyola kanthambi ka pichesi n'kukwapula mwanayo m'miyendo, kenako anamunyamula kukamulowetsa. Manesi anagwira chitseko cha nsungwi ndi manja onse, n'kukuwa mokuti amayi a nyumba zoyandikana anabwera akuthamanga, akuyesa kuti pagwa maliro.

"Bambo a Manesi," anatero Modesta anthu atabalalika, "musiyeni mwana apite m'chimanga ngati kale."

"M'chimanga? Mwana wanga ine? Mukufuna anyamata aja akanene kuti ndimalankhula zina pamsonkhano, kunyumba ndikuchita zina? Ndende ya Dzaleka si patali, mayi. Anthu amapita kumeneko pa nkhani zochepa kuposa iyi."

Palibe amene anamvapo kuti munthu watengedwa chifukwa cha bibi ya mwana. Koma Andireya sankafuna kukhala woyamba.

Atalingalira bwino, anapeza mwini wake wa tsokalo. Anali Enoki, wokumba mnzake wa tsidya lina, amene zimbudzi zake zinkagwa mvula yoyamba. Nsanje ya Enoki ndiyo yamanga mwana m'mimba, anatero. Anapita kwa sing'anga, ndipo sing'angayo anavomereza kuti palidi munthu wa ntchito yofanana naye. Anabwerako ndi mizu yowawa. Manesi anaisanza yonse, mimba ili chikhalire.

M'mawa wina Modesta sanafunsenso chilolezo. Anabereka mwana n'kuyamba ulendo wa ku chipatala cha ku boma la Ntchisi, kukwera zitunda ndi kutsika. Asanafike patali anamva njinga kumbuyo. Anali Andireya.

"Ndikukagula mpini wa piki," anatero. "Kwerani, poti njira ndi imodzi."

Kuchipatala anapeza namwino wachikulire, wosakonda mawu ambiri. Namwinoyo anagoneka Manesi, n'kumusisita pamimba.

"Mwanayu sakutsegula m'mimba ayi. Chimbudzi chauma n'kutseka njira. Zamadzi mukuziona zija zikungodutsa m'mbali, ngati madzi polambalala mwala mumtsinje. Iye sazimva n'komwe zikamatuluka. Mwamumenya?"

"Pang'ono," anatero Andireya.

Namwino anaimirira. Analowa ndi mwana ndi mayi wake m'kachipinda, n'kumuthira madzi a sopo kunsi ndi kachubu. Andireya anatsala pabenchi, akumva kulira, kenako zii. Potuluka, Manesi anali wofooka koma maso atayera, ndipo anapempha chakudya. Namwino anamukhazika pamiyendo.

"Tandiuza, mwanawe. Bwanji sulowa m'chimbudzi?"

"Muli chinyama chokoka miyendo."

"Anakuuza ndani zimenezo?"

Manesi anatambasula kadzanja, n'kuloza bambo ake. Andireya anayamba kuyang'ana m'kati mwa chipewa chake ngati muli nkhani yofunika.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?" anafunsa namwino.

"Ndimalima fodya," anayankha msanga. Modesta anatsokomola.

Namwino anawapatsa mankhwala ofewetsa m'mimba, n'kuwauza kuti asafulumire kusiya. Anati mwana azimwa madzi ambiri, azidya mapapaya ndi masamba, ufa ukhale mgaiwa, ndipo akatha kudya azikhala pamalo pamene sakuopa, popanda womukalipira. "Ndodo muisunge ya mbuzi," anamaliza, akuyang'ana mlimi wa fodya uja.

Kunyumba, Andireya anaganiza kuti mawu amene analowetsa ndi pakamwa atulukanso ndi pakamwa. Anagwada pamaso pa mwana.

"Manesi, chinyama chija kulibe."

"Chinapita kuti?"

"Sichinakhaleko n'komwe."

"Nanga munachiona bwanji?"

Kuti amutsimikizire, anabwereka tochi kwa mphunzitsi, n'kumugwira dzanja mpaka pachitseko masana dzuwa likuswa mtengo. Anaunikira m'dzenje. Mphemvu zinatuluka chigulu, zina n'kumukwera iyeyo m'miyendo, ndipo analumpha cham'mbuyo n'kugunda mutu pamtanda. Manesi anaona zonse. Anaona kuti ngakhale bambo ake amachiopa.

Pamenepo Modesta anatenga khasu, osati piki, n'kumupatsa mwamuna wake.

"Kumbani apo, pafupi ndi nthochi. Dzanja likalowa mpaka pachigongono, musiye."

"Limenelo si dzenje la chimbudzi. Ndi lobzalamo mtengo."

"Kumbani, bambo a Manesi."

Anakumba, nkhope itakwinyika, mwana akuonerera kuyambira khasu loyamba. Atamaliza, Manesi anapondamo yekha ndi phazi, n'kuona kuti pansi pali pomwepo. Andireya anaikapo timatabwa tiwiri ndi kampanda ka udzu kofika m'chiuno, popanda denga. Akatha kudya, Modesta ankapita naye kumeneko ndi lichero la mtedza, n'kumasenda akuimba pang'onopang'ono, osayang'ana kumene kuli mwana.

Sizinathe msanga. Masiku ena zinkayenda, masiku ena mwana ankapingasanso miyendo pamtondo, mimba n'kuyambanso kuuma, ndipo ankayambiranso poyamba ndi mankhwala aja. Dzinja lonse linatha motero. Kadzenje kakadzaza, Andireya ankakakwirira n'kukumba kena, ndipo pamalo akalewo ankabzalapo papaya kuti anthu aziyesa ndiyo inali ntchito yake.

Tsiku limene ankaliopa linafika. Anyamata a chipani analowa pakhomo, anaona makadi, anayamikira chimbudzi chachikulu. Kenako mmodzi wamtali analoza kampanda kaja.

"Nanga aka n'kachiyani, bambo Andireya?"

Andireya anavula chipewa. "Ndi nthambi," anatero. "Chachikulucho ndi likulu. Iyi ndi nthambi ya ana."

Anyamatawo anayang'anana. Zotsutsa nthambi palibe anazifuna, poti chipani nachonso chinali ndi nthambi zake. Wamtali uja anagwedeza mutu mwaulemu, n'kunena kuti midzi ina iyenera kutengerapo phunziro.

Manesi anadzalowa m'chachikulu chija atayamba sukulu, tsiku lina wamba, popanda womuuza. Anakula bwino, n'kukwatiwa cha ku Ntchisi komweko. Andireya anakumbabe mpaka msana unamukana. Sanakapepese kwa Enoki, poti Enokiyo sanadziwe n'komwe kuti analodzapo munthu.

Pa ukalamba wake, banjalo linkadya za mapapaya, amene anali atadzaza kuseri kwa nyumba. Ankawatengera kumsika wa ku boma, iye ndi Modesta. Tsiku lina mayi wina wachitsikana anaima pamalo awo, akudandaula kuti kamwana kake sikakuchita chimbudzi ndipo kakukana kulowa m'chimbudzi. Andireya anamusankhira papaya lakupsa bwino, n'kumulangiza za madzi ndi mgaiwa ngati dokotala.

"Ndipo musamamuopseze," anawonjezera, atakweza chala. "Pali makolo ena amaopseza ana ndi zinthu zabodza. Umbuli weniweni umenewo."

Modesta anawerama n'kuyamba kusanja mapapaya amene anali osanjika kale.