Tsiku limene adada anakondwera kuti ndalephera masamu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 7, pamene ndinalanda ufumu wa kompyuta ya adada. Tinkakhala ku Mchengautuwa, ndipo adada ankaphunzitsa masamu pasukulu ina ya pulaimale ku Chiputula, komwe nanenso ndinkaphunzira. Kompyutayo inali yakale, yogula kwa munthu, ya chisikirini chotupa kumbuyo. Inkakhala pabalaza itafunditsidwa nsalu yoluka, ndipo sitinkaikhudza ndi manja a mafuta.

Mkati mwake munali makomo awiri. La adada linali ndi pasiwedi, ndipo kumeneko ndi kumene ankalembera mayeso a sukulu. Langa linali la mlendo, longophunzirira kutaipa basi. Ndikayesa kuikamo gemu ya magalimoto imene ndinabwereka kwa mnzanga, makinawo ankandiyankha kuti ndilibe chilolezo, ndikapemphe kwa eni ake. Zinkandiwawa kwabasi. Kukanizidwa ndi munthu kumapiririka, koma ndi bokosi!

Tsiku lina pulintala inavuta, adada n'kuitana a Msiska, okonza makompyuta a ku Chibavi. Adada atatuluka kukawagulira chakumwa, a Msiska sanadikire pasiwedi. Anazimitsa makinawo, kuyatsanso, n'kumagogoda batani la F8 ngati nkhuku yotola chimanga. Sikirini inada, zilembo zinakula, kenako panatulukira khomo lachitatu limene ndinali ndisanalionepo: la adimini, mwini mphamvu zonse. Linalibe pasiwedi n'komwe. Ine ndinali pakona ndikusenda mbatata, koma maso anali pa zala zawo.

Loweruka lotsatira, adada ndi amama atapita kumaliro ku Nkhata Bay, ndinagogoda F8. Ndinalowa, ndinadzikweza kuchoka pa mlendo kufika pa adimini, ndinaikamo gemu yanga. Mafayilo onse a adada anali pambalambanda, kuphatikizapo lolembedwa kuti MAYESO SITANDADE 7, amene tinkayembekezera kulemba Lachiwiri. Sindinalitsegule, koma ndisadzichemerere kuti ndinali woyera mtima. Masamu ndinkadana nawo kwambiri moti kuwaona Loweruka kukanakhala kudziwonongera tsiku. Ndinathamangitsa magalimoto mpaka magetsi anathima.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti gemu yoikidwa ndi adimini imaonekera pakhomo la aliyense.

Lachinayi masana, mayeso titalemba kale, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yathu, Mayi Chirwa, anabwera kunyumba kuti adada awataipire kalata yopita kwa makolo. Adada anavundukula nsalu ija mwaulemu, analemba pasiwedi ataphimba ndi dzanja, ndipo pasikirini panatulukira kagalimoto kofiira, kali phee pafupi ndi mayeso.

"A Kamanga, kani mumaseweranso timagalimoto?" anafunsa Mayi Chirwa akuseka.

"Tiwonge! Zakuno!" anakuwa adada m'Chitumbuka, pondiitana kuti ndibwere.

Ndinaulula zonse, ndinawaonetsanso mmene ndinalowera. Mayi Chirwa anasiya kuseka.

"Ndiye kuti mayeso anawaona mwanayu. A Kamanga, makolo akamva kuti mwana wa mphunzitsi amalowa m'mayeso ngati m'khitchini, ine sindingakutetezeni. Ntchito ithera pompa."

Ndinalumbira kuti sindinawaone, koma ndani angakhulupirire wakuba amene wangomaliza kuonetsa zenera lomwe analowera? Nkhope ya adada inagwa. Ndinachita mantha enieni.

Mapepala athu anali m'katoni pansi pa tebulo, asanachongedwe. Mayi Chirwa anafufuza langa, n'kuwapatsa adada cholembera chofiira. "Chongani pompano, ine ndikuona."

Funso loyamba ndinalakwa. "Yewo, Chiuta," ananong'ona adada pothokoza Mulungu. Lachiwiri ndinalakwanso, ndipo anayamba kupuma bwino. Lachitatu ndinakhoza. Thukuta linatuluka pamphumi pawo. "Ili n'lophweka chomene, Madamu, ngakhale mbuzi ingakhoze." Atafika pa masamu a magawo, mitanda inandandalika tsamba lonse, ndipo dzanja lawo linkathamanga mosangalala. Anawonkhetsa kawiri: 23 pa 100.

Anaimirira pepala lili m'mwamba. "Mwaona, Madamu? Mwana wanga ndi mbuli yeniyeni! Genuine!"

Mayi Chirwa anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Potsanzika anangoti, "Tsekani khomo lakuserilo, a Kamanga. Chaka chamawa mungadzakhale ndi mwana wanzeru."

Chimwemwe cha adada chinathera pageti. Pobwerera anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Twenty-three? Mwana wa mphunzitsi wa masamu?" A Msiska anaitanidwanso tsiku lomwelo kudzaika pasiwedi pa adimini ndi kundibweza pakhomo langa la mlendo, ndipo tchuthi chonse ndinachithera pa magawo, masamu makumi awiri m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi.

Lero ntchito yanga ndi yoteteza makompyuta a m'maofesi, ndipo ndimawauza mabwana kuti woopsa si wakunja yekha. Woopsanso ndi amene mwamulola kale kukhala pakhonde, akapeza makwerero amene inu simukuwadziwa. Ndimamvetsanso kuti pasiwedi ya adada sinkatsekera ine magalimoto. Inkalondera dzina lawo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kuligulitsa ndi gemu yobwereka. Anapuma ntchito dzinalo lili loyera, ndipo mpaka lero amauza alendo kuti mwa ana awo onse, palibe amene anawathandiza ndi nzeru monga mmene ine ndinawathandizira ndi umbuli.