A Mchira, Wokwera Pomaliza

A Mchira sankakwera galimoto wina akadali m'phiri. Ankaima pachipata, maso ali kunjira yotsika, mpaka munthu womaliza wa gulu lawo atafika. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo onyamula katundu wa alendo, poti paulendo uliwonse iwo ankayenda pambuyo. Ine ndinali mlonda wa pachipatapo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo sindinawaonepo akuchita mwina.

Palibe anawalamula kutero. Atangoyamba ntchito, gulu lawo linasiya mnzawo m'phiri. A kumbuyo kwa lole ankayesa kuti wakwera kutsogolo, a kutsogolo ankayesa kuti ali kumbuyo. Anakamupeza patapita masiku anayi. Nkhaniyi anandiuza kamodzi kokha, akusoka lamba wa chikwama, osandiyang'ana.

Anali munthu wamfupi, mapewa ali zipsera za malamba. Ankanyamula mahema, katundu amene anyamata ankamuzemba chifukwa akanyowa amalemera kawiri.

Ulendo wawo womaliza unali wa masiku asanu ndi anayi. Kutatsala masiku awiri kuti atsike, mwana wawo wamkazi anaimba foni ya pachipata. Anati amayi awagoneka m'chipatala, sakudya, akungofunsa bambo. Kumtundako foni sizigwira. Uthengawo ndinakhala nawo ndekha.

Anatsika Lachinayi m'mawa, kumwamba kutada bii. Tsikulo anali atatsogola, chifukwa anabereka mlendo wina amene anabinya phazi. Ndinawatengera pambali n'kuwauza. Anavula chipewa.

"Ali moyo?"

"Dzana anali moyo."

Lole inali itaima kale, injini ikulira. Dalaivala ankafuna kuwoloka mtsinje wa kumunsi usanadzaze, poti mlatho wake ndi wam'munsi, madzi amadutsa pamwamba. Alendo anakwera, onyamula katundu anakwera. Panasowa mmodzi, wophika wa gululo, amene anatsalira kutsuka mapoto ndi kutseka nyumba yogona ya m'phiri. Wophikayo anali mlamu wawo wa a Mchira, mchimwene wa mayi odwalawo.

"Madala, kwerani!" anakuwa dalaivala. "Alamu anuwo si khanda. Kuyenda kwa nkhono anayamba kale, abwera ndi ya mawa."

"Dikirani pang'ono."

"Ndikauze mtsinje kuti udikire pang'ono?"

Ndinawayandikira. "Pitani, achimwene. Ine ndilipo, ndiwalandira."

Anayang'ana ndodo yanga yoyendera. "Akakhala kuti agwa, mukwera ndinu kukawatenga?"

Kenako anawonjezera:

"Komanso ndikafika kuchipatala, mayi akandifunsa kuti achimwene mwawasiya kuti, ndikati chiyani?"

Dalaivala analiza hutala katatu. Kachitatuko lole inanyamuka, ndipo isanakhote mvula inayamba.

Wophika anatulukira cha m'ma wani koloko, mapoto akulira kumsana. Sanagwe, sanavulale. Anangobisala pansi pa thanthwe kupumitsa bondo.

"Alamu, mwadikira ine?" anatero akuseka. "Chikondi chotere mukanamapatsa mlongo wanga, si bwenzi akunenepa?"

Palibe anaseka. Ndinamuuza ndine. Anakhala pansi m'matope momwemo, katundu akadali kumsana.

Mtsinje unadzaza masiku awiri. Njira ina kunalibe. Anthu awiriwo ankagona pa mabenchi a mu ofesi yanga. Kukacha ankapita kumtsinje, a Mchira ankazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, masana n'kupitanso kukaona ngati atsika.

Lachisanu masana mwana uja anaimbanso, n'kuika foni pakhutu la amayi ake. A Mchira anagwira foni ya pachipata ndi manja awiri.

"Ndatsika, mayi. Achimwene anu ali pompano, ali bwino. Atitsekera ndi madzi okha."

Sindikudziwa ngati kunabwera yankho. Anakhala akumvetsera nthawi yaitali.

Loweruka m'mawa foni inaliranso, iwo ali kumtsinje. Ndinayankha ndine. Atabwerako anandipeza nditaima pakhomo, chipewa chili m'manja, ndipo sanafunse.

Wophika analira ngati mwana. "Mukanandisiya, alamu. Ine ndani? Mukanandisiya, mukanawapeza."

"Mangani mapoto anu," anatero a Mchira. "Madzi atsika."

Kumaliro sindinapite, pachipata panalibe wondilowa m'malo. Ndinamva kuti atatha maliro a Mchira anakakhala kwa mwana wawo, ndipo kuphiri sanabwerenso. Anthu anagawanika. Ena amati analakwa, ena amati ayi. Akandifunsa ine, ndimangoti ndinalipo.

Loweruka lomwelo masana kunabwera thirakitala yokoka ngolo ya matabwa, ndipo dalaivala wake anavomera kuwatenga. Wophika anakwera. Anakweranso amayi awiri otola nkhuni amene madzi anawatsekera ngati iwo. A Mchira anaponya chikwama m'ngolo, n'kubwerera pachipata, maso ali kunjira yotsika.

"M'phirimo mulibe munthu," ndinatero. "Onse anatsika."

"Ndikudziwa."

Anayang'anabe kanthawi. Kenako anavala chipewa n'kukwera.