Chitenje chofiira pa mtengo wa mango

Azakhali anga, mlongo wa bambo, anali katswiri wa zisudzo kwathu ku Kande, ndipo wotsutsa abwere tikambirane. Anayamba ali ku pulayimale, pa sewero la Khirisimasi. Anawapatsa kukhala mwini nyumba ya alendo, wongonena kuti malo adzaza, koma iwo anamukalipira Yosefe mpaka mnyamatayo analira zenizeni. Kuchokera apo panalibenso sewero la ku tchalitchi lopanda iwo. Atakula, a zaumoyo ankawatenga pa boti mpaka ku Usisya ndi ku Ruarwe kukachita zisudzo za kolera ndi za maneti a udzudzu. Tsiku lina atasewera mayi wakuba nkhuku, anthu anakana kugula usipa wawo pa msika, ndipo iwo ankaikamba nkhaniyo monyadira kwa aliyense.

Koma chimene ankachitha koposa ndi kulira maliro. Pa Isitala ankakhala Mariya pansi pa mtanda, ndipo ngakhale akulu a mpingo ankayamba kufufuza mipango m'matumba.

Cholakwa chinali changa, ndivomere. Ine ndimaphika pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja. Kunabwera anyamata a ku Blantyre ndi makamera awo, akujambula filimu ya msodzi womira m'madzi, ndipo ndinawamva akudandaula kuti mayi amene anabwera naye akulira ngati mphaka. Pakamwa pangapa! Ndinati, "Inu, wolira weniweni tili naye konkuno."

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, tinali pa bwalo la azakhali. Ankolo, amuna awo, anali atangodzuka kumene ku malungo, ndipo anali atapita kutali kumchenga kukasoka ukonde. Mkulu wa filimuyo anati, "Mayi, muyerekeze kuti amuna anu amwalira. Mulire mmene mumalirira kuno."

Azakhali anamasula duku, anakhala pansi, n'kutsegula pakhosi m'Chitonga.

Kwathu mayi akalira choncho, umenewo ndi uthenga. Palibe amene amafunsa. Uli m'munda umasiya khasu, uli kumadzi umasiya ndowa. Anyamata a ku Blantyre sakanaganiza zochenjeza mudzi, koma ineyo, wobadwira pomwepo, ndinali kuti? Ndinali kalikiliki kugwira ambulera kuti kamera isapse ndi dzuwa.

Oyamba kufika anali amayi amene ankavuula chinangwa, manja ali chinyowere, ndipo anagwa pafupi ndi azakhali n'kulandira kulirako. Kenaka abambo anatulukira atasenza mabenchi a ku tchalitchi. Wina anabwera ndi nkhuni, wina ndi beseni la ufa wa kondowole, wina anali ataimbira kale foni abale a ku Chintheche. Ndinayesa kukuwa kuti ndi filimu, koma ndani akanandimva? Mkulu wa filimu uja ankangodumpha ndi chimwemwe. "Osasiya! Jambula, jambula!" Azakhali nawo sanasiye. Ndinawafunsa pambuyo pake ngati sanawamve anthuwo. Anati, "Ndinawamva. Koma iwe, sewero likakoma umalidula?"

Ankolo anafika ukonde uli paphewa, n'kuima kumbuyo kwa gulu. Anafunsa bambo wina amene anali atawerama kuti wamwalira ndani. Bamboyo, osacheuka, anayankha kuti ndi mwini nyumba ino, munthu wabwino koma wouma mutu. Atacheuka, anataya chipewa pomwepo, ndipo liwiro lake anthu amalikambabe.

Tinaseka tsiku limenelo, koma akulu a mpingo sanaseke. Lamulungu, mapemphero atatha, anawaitana azakhali. Anati kusewera ndi maliro si chinthu chaching'ono: anthu anasiya ntchito, abale anakwera minibasi akulira, ndipo mawa kukadzagwa zovuta zenizeni anthu adzakayika. Ambiri ankafuna kuti azakhali asiyiretu zisudzo. Isitala inali itayandikira. Ndinali ndisanawaonepo azakhali ali ndi mantha mpaka tsikulo, ndipo ine mtima unandiwawa kwambiri.

Ndiye anadzuka ankolo, munthu amene ankatha tsiku lonse atangonena kuti "yewo".

Anati, "Ada, akuluakulu inu, maliro anali anga, ndiye ndiloleni ndilankhule. Mayi awa ndakhala nawo zaka zonsezi. Amanditchula waulesi, amati ndimanunkha nsomba. Tsiku lija ndinaima kumbuyo, ndinamva zonse zimene ananena za ine. Sindinkadziwa kuti ndine munthu wotero. Inu nonse mudzaliridwa musakumva. Ine ndamva ndekha, ndipo ndakhutira. Asiyeni azisewera."

Azakhali anang'ung'udza kuti zinali za mu filimu basi, ndipo chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Akulu anagamula chonchi: azisewera, koma asanalire kulira kwa sewero, azimanga kaye chitenje chofiira pa mtengo wa mango wa pakhomo pawo, umene umaonekera kumsewu ndi kunyanja komwe.

Chitenjecho chinagwira ntchito zaka zambiri. Chikapachikidwa, anthu ankabwerabe, koma ndi mipando yawo ndi nzimbe, kudzaonerera azakhali akuyeserera. Filimu ija tinaionera pa foni. Azakhali amaoneka kanthawi kochepa, ndipo kumbuyo kwawo kuli ankolo ndi ukonde, akuyang'ana maliro awo.

Chaka chatha, m'mawa wina, ndikusenda mbatata ku loji, ndinamva mawu a azakhali akuchokera kumudzi. Ndinamwetulira, ndinati ayambapo. Ndinatuluka panja, mpeni uli m'manja, ndipo ndinapeza alonda ndi anzanga ochapa ataima kale, onse maso ali ku mtengo wa mango.

Panalibe chitenje.