Vaneti ya a Luckson Njobvu pa mchenga wa ku Inhassoro

Mu Petauke muli anthu amene sanapondeko ngakhale ku Katete, koma akakhala pa mabenchi a pamsika amaseka a Luckson Njobvu kuti anamiza galimoto m'nyanja. Ine ndinaliko. Galimotoyo ndinaikankha nawo mpaka msana unauma, ndipo sindilola kuti mbili ya munthu ngati ameneyu ikhale m'kamwa mwa anthu odziwa kutafuna nzimbe chabe.

A Njobvu anabadwila ku Msanzala. Anayamba ngati wokweza matumba pa lole ya thonje, kenaka anakhala dalaivala. Mphamvu zawo zonse zinathela pa misewu ya fumbi ya ku Sasare ndi ya kuchigwa cha Luangwa, kumene milatho ndi yowelengeka. Kumeneko dalaivala amaphunzila mitsinje. Akafika pa mchenga wouma, a Njobvu ankatsika, kuyang'ana mitambo kumapili kumene mtsinjewo uchokela, kuponda mchenga ndi chidendene, ndiye n'kuwoloka kapena kudikila. Sanatayepo thumba ngakhale limodzi m'madzi. Atapuma pa malole anagula vaneti yoyela yakale. Inkanyamula nthochi ku Nyimba, amai apakati kupita nawo ku chipatala cha Minga, ndi mabokosi a malilo. Akazi awo, amai Bernadette, atamwalila, bokosi lawo anayendetsa okha.

Chaka chatha, pobwelela m'mbuyo pa chigayo, anagunda mzati wa mpanda. Mzati wovunda kale ndi chiswe. Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika ku Lusaka kwa mwana wawo Rachael, ndipo foni inalila.

"Atata, msinkhu wanu si woyendetsa galimoto. Pa Khisimasi ndibwela kudzatenga makiyi. Inu mudzakhala kuno kwathu."

"Kudzachita chiyani?"

"Kupumula."

"Ndakuuza kuti ndatopa?"

Rachael ameneyu ndinamuphunzitsa ndine, ndipo anali wanzelu. Koma ana athu akaphunzila amayamba kuona kholo ngati mpando wakale: kuupukuta bwino, kuuika pakona, kuletsa alendo kukhalapo. A Njobvu opanda vaneti akanakhala munthu woyang'ana chipupa m'nyumba ya mpongozi.

Patapita masiku anabwela kwathu osatsika n'komwe m'galimoto. "Aticha, pasipoti yanu ikali ndi moyo? Akuti maso anga atha. Ndifuna ndikawayese pa nyanja ya mchele." Njila anali atailongosola kale: kudutsa malile pa Chanida, Tete, kutsikila kunyanja, ndiye kutsata gombe mpaka ku Inhambane. Wachitatu anali a Kasonde, Mbemba wa ku Kasama amene anabwela kudzagwila nchito ya chipatala ali mnyamata n'kuiwala njila ya kwawo.

Tinanyamuka mu Okutobala, kukuwotcha. Tisanafike ngakhale ku Sinda, a Kasonde anayamba nthabwala zija za Abemba ndi ife Ansenga, zosekana kudya mbewa ndi anyani.

"A Njobvu, mwalonga mbewa zingati za kamba wa panjila?"

"Zokwana anthu awili. Inu anyani anu mukagula kutsogolo."

"Ku Mozambique akadzaona Ansenga awili adzabisa nkhokwe."

"Adzabisa zikwama akadzamva Chibemba."

Chiwongolelo a Njobvu sanapatse munthu. Anatiwolotsa pa mlatho wa Zambezi ku Tete pakati pa malole aatali, anazemba maenje otha kumeza mbuzi, ndipo pa ulendo wonsewo sanakhudze ngakhale nkhuku. Oseka a pamsika chimenechi sachitchula.

Nyanja tinaiona koyamba pa Inhassoro, masana. Madzi anali kutali, mzele wobiliwila kumapeto kwa mchenga waukulu wolimba ngati bwalo la mpila. Pa mchengapo panali mikwasa ya matayala a magalimoto ena. A Njobvu anatsika monga mwa chizolowezi chawo. Anayang'ana kumwamba, kunali mbee. Anayang'ana kumtunda, kunalibe phili kapena mtambo. Anaponda mchenga ndi chidendene.

"Mvula kulibe, mtsinje wodzaza kulibe. Madziwa sangabwele kuno."

Anachita zimene dalaivala aliyense wosamala wa kwathu akanachita. Ena amati nanga mphunzitsi sanadziwe kuti nyanja imakwela ndi kutsika? Mabuku amatelo ndithu. Koma palibe buku limene limanena kuti madzi angayende mtunda wochoka pamsika kufika pa sitesheni ya mabasi munthu asanamalize kudya nsomba. Wotsutsa apite akaone yekha.

Tinaimika vaneti pakati pa mchengawo, tinapinda mabuluku, n'kuyenda mpaka tinaponda madzi. A Kasonde analawa n'kulavula, amvekele wophika ndiwo zimenezi ndi Mnsenga. A Njobvu anaima nthawi yaitali madzi ali m'akakolo, akuwelenga mabwato a matanga amene ine sindinkawaona n'komwe. Kenaka tinakwela kumtunda, pansi pa mitengo, pamene azimai ankakazinga nsomba.

Tili pakati pa kudya, mai mmodzi anandikoka malaya n'kuloza. Bwalo lija kunalibe. Vaneti inali itaima m'madzi ofika pakati pa matayala.

A Njobvu anathamanga kuposa tonse. Analiza injini, koma mchenga unali utafewa ngati phala, matayala ankangokumba. Madzi atafika pazitseko anazimitsa injini kuti isamwe madzi, n'kukhala phee atagwila chiwongolelo. Asodzi anatsika ndi chingwe chokokela ukonde. Chilankhulo chawo sitinkamva, koma manja awo ankanena zomveka: mdala atuluke. A Kasonde anaitana ali chiimile m'madzi a m'chiuno.

"A Njobvu, tulukani. Chitsulo chimagulidwa."

"Ndikatuluka awongola ndani? Kankhani."

Asodziwo anamanga chingwe kutsogolo, amuna ndi akazi anagwila mzele, wina anayambitsa nyimbo. Ife awili tinali kumbuyo, mafunde akutimenya m'misana. Vaneti inatuluka pang'onopang'ono, madzi akukhuthuka m'zitseko, mwiniwake atanyowa mpaka pachifuwa. Atapotoza kiyi, sipanamveke kanthu.

A Kasonde anatulutsa foni imene anaisiya ndi azimai a nsomba aja. "Tiyeni timuuze Rachael. Atumiza thandizo, tikwele basi. Galimoto idzatsatila."

"Bwezani foniyo m'thumba."

"Bambo, si nthawi ya liuma ino. Tili m'dziko la eni."

"Mukaimba, makiyi ndapeleka. Mudzandipeza ku Lusaka nditavala masokosi a m'nyumba, akundiyezela shuga wa mu tiyi. Mufuna zimenezo?"

A Kasonde anandiyang'ana kuti ndiwathandize. Ndinayang'ana kumbali. Foni inabwelela m'thumba.

Msodzi wina wachikulile anatilola kukokela vaneti pabwalo pake, pafupi ndi chitsime. Tinakhala pamenepo masiku angapo. Ine ndi a Kasonde nchito yathu inali kutunga madzi. A Njobvu anatsuka galimoto yonse kuchotsa mchele, pansi ndi pamwamba, anakhetsa oilo n'kuthila wina, anamasula mawaya ndi tizitsulo n'kuyanika pa lata. Ankadya ataimilila. Pomaliza zonse zinadzuka kupatula sitata, kachipangizo kolizila injini. Mchele unali utaidya m'kati.

"Ilila ndi kukankha," iwo anatelo. "Malole akale tinkatelo."

Tinakankha pamodzi ndi asodzi kutsika kanjila ka pamudzipo. Vaneti inatsokomola, inatulutsa utsi wakuda, n'kulila. Titafika pa msewu waukulu a Kasonde anapumila m'mwamba, akuti tsopano kwathu. Kwathu kunali kumanja. A Njobvu anakhotela kumanzele.

"Mwasokela, a Njobvu."

"Ndinati Inhambane."

"Aticha, munthuyu madzi amchele alowa m'mutu."

"Mukafuna tsikani, mukauze a ku Kasama kuti munathawa."

Sanatsike. Tinapitiliza chakumwela, nyanja ili kumanzele kwathu, nthawi zina ikubisala kuseli kwa migwalangwa ya kokonati, nthawi zina ikutulukila. Tinaiona pa Vilankulo itachita mitundu iwili, ndipo tinaona mabwato akuwolotsa anthu pa Maxixe. Paliponse pogona kapena podyela, a Njobvu ankayamba afunafuna potsetseleka poimika galimoto. Pakasowa, nkhalamba ziwili zinkatsika n'kukankha, anthu a m'misika akuombela m'manja. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja sanaupondenso ndi tayala. Ankaima patali, kufunsa asodzi ndi manja kuti madzi afika pati, n'kugwedeza mutu ngati mwana wa sukulu. Tinafika ku Inhambane, tinadya nkhanu, tinatembenuka. Pa malile injini sitinaizimitse.

Nkhani inafala mu Petauke chifukwa pakamwa pa a Kasonde palibe chitseko. Rachael sanadikile Khisimasi. Anafika Loweluka lina ndi mwamuna wake, ndipo a Njobvu anandiitana kuti ndikhalepo. Vaneti inali pamwamba pa chulu cha kuseli kwa nyumba, chimene anachisalaza ndi khasu kuti izitsika yokha m'mawa.

"Atata, mukanafa. Tikanakutengani bwanji kumeneko?"

"Akanandiika komweko. Dothi liliko."

"Musaseke. Anthu onse akunena kuti munalowetsa galimoto m'nyanja."

"Nyanja ndiyo inabwela. Galimoto inali itaima, ine ndikudya nsomba. Unati sindingathe kuyendetsa. Ndayendetsa kupita ndi kubwela. Funsa aticha ako ngati ndinagunda kanthu."

Ndinati sanagunde kanthu. Mpongozi anayamba kufotokoza za chipinda chimene anawakonzela, chokhala ndi bafa m'kati. A Njobvu anamudikila mpaka anamaliza.

"Zikomo, bambo. Muikemo alendo. Rachael, tsiku limene ndidzaone kuti msewu sindiuona, makiyi ndidzabweletsa ndekha. Sudzachita kuwatenga."

Rachael anaimilila misozi ili m'maso. Sindinganene kuti sakonda atate ake. Koma anabwela kudzatenga, osati kudzamva. Chakudya chinali chitapsa, iye sanadye. Anakwela galimoto yawo n'kubwelela ku Lusaka opanda makiyi, ndipo kuchokela tsikulo sanaimbenso foni. A Njobvu satchula zimenezi, koma foni yawo tsopano imakhala m'thumba la malaya, pamene kale inkagona m'kabati.

Nthochi za ku Nyimba akunyamulabe. Mchele sunatheletu, dzimbili layamba kudya pansi pa zitseko, ndipo iwo akudziwa. Dzulo ndinawapeza atagona chagada pansi pa vaneti, ali ndi bulashi ya waya ndi chitini cha oilo wakuda. Anandiuza kuti ndisaime chabe, ndiwapatsile sipanala.