Liwu Limene Ndinalidula Pasanu

Inu owerenga, mayi wina anamwalira ndili pa ntchito chifukwa cha liwu limodzi limene ndinkadziona ngati ndikulidziwa.

Ndimasamalira okalamba panyumba ina ku Croydon, kudziko la Angelezi. Kumeneko kunali a Mama Odette, a ku Congo, amene matenda oiwalaiwala anawalanda Chingelezi chonse n'kuwasiyira Chifalansa. Mwana wawo, a Catherine, anandilembera papepala mawu ofunika: mutu, mimba, ululu, chifuwa. Anafuna kundiwerengera mokweza, koma ine ndinati, "Musavutike, kuwerenga ndimatha." Kumudzi ndinali mphunzitsi wa sitandade 2. Ndani akanandiphunzitsa ine maphatikizo?

M'basi ndinkaloweza mawuwo momwe ndinkaphunzitsira ana. Liwu la chifuwa amalilemba poitrine, ndiye ine ndinalidula pasanu: po-i-ti-ri-ne. Ndikalitchula, mayiwo ankaseka mpaka misozi, ine n'kumati tikumvana.

Tsiku lina titangodya chamasana anandigwira dzanja mwamphamvu, thukuta lili kamukamu. Ankangobwereza kuti, "Pwa-trin, pwa-trin." Ine ndinamva ngati Ka-trin, momwe ankaitanira mwana wawo. Ndinawasisita pamsana, ndinawauza kuti a Catherine abwera Loweruka, ndinawafunditsa bulangete n'kupita kukathandiza ena. Pobwerako, milomo yawo inali itasintha mtundu. Ambulansi inabwera, koma mtima unaima asanafike kuchipatala.

Palibe anandiimba mlandu. A Catherine atabwera kudzatenga zovala anandikumbatira, n'kundifunsa ngati mayi awo ananenapo kanthu. Pofuna kuwatonthoza, ndinati ankaitana iwowo, ndipo ndinatsanzira momwe ankanenera.

"Sankaitana ine," anatero a Catherine motsitsa mawu. "Ankakuuzani kuti chifuwa."

Anandilozera papepala lomwe lija. Maphatikizo ake ndi awiri basi. O ndi i akakumana amamveka wa, ndipo e wakumapeto samveka n'komwe. Mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Anzanga amene mukusamalira odwala a zinenero zina, ndikukupemphani, musakhulupirire maso okha. Chichewa chathu timachitchula momwe chalembedwera, koma si zinenero zonse zili choncho. Mwini chinenero akafuna kukuwerengerani, khalani pansi mumvetsere, mubwereze mpaka avomere. Zikanangonditengera mphindi zisanu. A Mama Odette anandiuza pamene pankawawa, momveka bwino, atandigwira dzanja, ine n'kuwayankha kuti adikire Loweruka.